Ng'oma za a Najere ndi Madontho a Rabecca

Ndinatsika minibasi yochokera ku Chiparamba nkhuku ili m'khwapa, thumba la mtedza pamutu, mtima uli m'malo kuti kwa mlongo wanga Bizwell ku Nabvutika, mu Chipata, andilandira ngati munthu. Mwana wake Rabecca anali pafupi kukwatiwa, ndipo azakhali ake ndine ndekha, palibenso wina. Koma nditangoponda pakhonde, mwanayo anatuluka chala chili pakamwa.

"Azakhali, vulani nsapato. Muziyenda pang'onopang'ono, musaponde ndi chidendene."

"Kodi muli maliro muno?"

"Iyayi."

"Nanga wabereka ndani?"

"Palibe. Makina anga akugwira ntchito."

Ine Nasakala, mkazi wamkulu, mano atatha m'kamwa, kunyang'ama m'nyumba ya mlongo wanga ngati ndabwera kudzaba ndiwo! Nkhuku nayo anandilanda n'kukaimanga kuseri, ati ikakupiza mapiko iutsa fumbi. Moni anabwera pambuyo, wonong'ona.

Ananditengera m'kachipinda kamene kale ankasungiramo matumba a chimanga, khomo lake loyang'ana pabalaza. Pa tebulo panali chubu cha njinga chopopa pang'ono, pa chubupo mwala waphanthiphanthi, pa mwalapo kamakina kosaposa simbi yositira, atakavundikira ndi beseni loonekera mkati. Pambali pake kompyuta. Ndinayang'ana. Ndinayang'ananso. Palibe chimene chinkayenda.

"Iwe, akunamiza amene anakugulitsa. Chafa ichi."

Anaseka osatulutsa mawu, n'kundilozera pa kompyuta. Makinawo ali ndi diso lokulitsa zinthu, ndiye zimene disolo likuona zimatuluka pamenepo. Ndinaona nsonga ya singano, yaikulu ngati musi. Kunsongako kunkatuluka kampira kakuda, n'kugwa. Kena, n'kugwa. Tonse tinkagwera pamutu pa kanthu koima njo ngati phesi.

"Limenelo ndi dontho la inki, azakhali. Tsitsi lanu limodzi ndi lonenepa kuposa ilo."

"Tsitsi langa ulisiye."

"Dontho laling'ono chonchi silifuna kugwa. Madzi ali ndi kakhungu pamwamba, kaja kamene kamasunga mame ali obulungira pa tsamba. Dontho likakhala lalikulu, kulemera kumagonjetsa kakhunguko, n'kugwa lokha. Koma likachepa chonchi, kulemera kulibe mawu. Kakhungu ndiko kamalamula, ndiye limakakamira kusinganoko. Makinawa amachita kulitsina kuti lituluke."

"Ngati atate ako popita kusukulu."

"Inki ikachuluka madzi, dontho limatuluka ndi mchira, mchirawo n'kuduka, n'kusanduka timadontho togwera paliponse. Ikalimba, silituluka n'komwe."

Anati mu inkimo muli siliva wosalala kuposa ufa. Dontho likagwera pa kagalasi kofunda, madzi amauma, siliva n'kutsala. Lotsatira liyenera kugwera pamutu penipeni pa linzake, ndiponso lidikire linzakelo liyambe lauma. Likafulumira, onse awiri amasungunukirana n'kukhala chibulumwa. Akamasanjikana bwino, kamzati kamakwera. Kakatha kena, singano imasuntha pang'ono n'kuyamba kena, mpaka mzere. Timizati timeneti akuti ndi toyendamo magetsi m'tizipangizo ta kuchipatala.

"Ntchito ya chiswe iyi," ndinatero. "Kungoti chiswe chako chinapita ku yunivesite."

Apa nkhope yake inasintha. Anandiuza kuti kuli mphunzitsi wina kunja kwa dziko amene anawerenga zolemba zake. Ameneyo anati akaona zithunzi za timizati titaima chilili pofika Lolemba, amupatsa malo okapitiriza maphunziro. Tsikulo linali Loweruka. Inki inali m'kabotolo konga ka mankhwala a m'maso, yochokera kunja, ndipo inali itatsala ya pansi penipeni. Magetsi anali atavuta masiku onsewo, anangobwera m'mawa umenewo, iye n'kuyambitsa.

"Ndikaimitsa, inki iumira m'singano, singano itsekeka, ndipo ndilibe ina. Tebulo likagwedezeka pang'ono pokha, dontho ligwera pambali. Pakungofunika bata mpaka dzuwa litalowa, azakhali. Basi."

"Nanga mwamuna wakoyo, Boaz, akudziwa kuti akukwatira mkazi woweta madontho?"

"Chubucho anapopa ndi iye."

Zonse sindinazimve, ndisaname. Koma mwana ameneyu ndinamunyamula ali ndi mchombo wosauma, ndipo sindinamuonepo akuyang'ana chinthu mmene ankayang'anira kaphesi kaja. Ndinatuluka chonyang'ama, ndipo ulendo uno palibe anandiuza.

Dzuwa litapendeka tinamva lole ikuima pamsewu, kenako nthungululu. Alangizi! Tinapangana kuti abwera sabata yotsatira kudzalanga namwali. Koma wamkulu wao, a Najere a kutchalitchi kwa mkazi wa Bizwell, mlamu wanga Charity, anaganiza okha kuti mkwatibwi sauzidwa tsiku. A Najere ndi mai wa thupi lodzaza khomo, wezulo ali m'khosi ngati woimbira mpira. Anangoliza kamodzi, amuna onse n'kubalalika. Bizwell anatola wailesi yake n'kuthawa osatseka ndi geti lomwe. Mlongo wanga ameneyo!

Rabecca anamugwirira m'kanjira akuchokera kukasamba m'manja. Anamukhazika pa mphasa pabalaza, miyendo yotambalala, msana utatsamira khoma lomwelo la kachipinda ka makina. Mwambo mukuudziwa. Namwali sayankhula, sadzutsa mutu, saimirira mpaka alangizi atalola. Chitenje chisanamugwere kumaso, anandiyang'ana ine. Amai ake anali pomwepo, koma anayang'ana ine.

Ng'oma anaziwamba pamoto panja, n'kulowa nazo. Zitangoyamba, makapu m'kabati anayamba kuyankhulana okha. Ndinazemba n'kulowa m'kachipinda. Mayo ine! Pa kompyuta paja kamzati kankadzandira ngati munthu wochokera ku mowa wa maliro. Dontho likuti ligwere pamutu, mutu wachoka, lagwera m'mbali. Lina, m'mbali. Pansi panayamba kuunjikana zinthu zonga zitosi za nkhuku. Chubu cha Boaz chinkatha kuletsa mapazi a munthu, koma ng'oma ya ku Chipata imalowa ndi m'mafupa momwe.

Ndinayamba ndi mlamu wanga, kukhitchini.

"Alamu, ng'omazi zikupha ntchito ya mwana."

"Chonde alamu, musandichititse manyazi. Anthuwa ndinakawagwadira ndekha. Ndiwauze chiyani?"

"Muwauze asamukire kwa amake Chance, kutsidya kwa ngalande. Nyumba yao ndi yaikulu."

"Ine sindingathe. Kaneneni ndinu."

Ndinapita. Ndinagwada, maondo anga akulira ngati chitseko chakale, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse. Ndinafotokoza bwinobwino, za singano, za Lolemba, za inki yotsala pang'ono. A Najere anakweza dzanja, ng'oma n'kuima. Ndinati zatheka. Kani ankangofuna kuti onse amve bwino.

"Amai inu, mvetserani. A Nasakala akuti tileke mwambo chifukwa cha dontho."

Chiphwete chimene chinabuka!

"A Nasakala, mwayamba kale kumwa, ukwati usanafike?"

"Sindinalawe kanthu, amai. Sindikuti muleke. Ndikuti musunthe."

"Namwali amalangidwa m'nyumba ya amake. Sukulu ija inatha, azakhali. Sukulu yeniyeni ndi ino. Mwamuna sadya siliva."

"Adzadya chimene siliva wagula."

"Khalani pansi, mukutichedwetsa. Imbani, atsikana!"

Tsono mundimve bwino. Ine ng'oma sindidana nayo. Ndinayamba kuvina pa chilangizo a Najere akadali kuyenda opanda chovala. Chiuno changa chinali ndi mbiri kuyambira ku Chiparamba mpaka kumalire. Chimene chinandiwawa ndi ichi. Mukanakhala mwana wamwamuna m'kachipindamo akuwerengera mayeso, akanatuluka ndi ng'oma zao chonyang'ama, n'kumusiyira ndi tiyi pakhomo. Akanakhala Bizwell wagona ndi chimfine, akanati abambo apume. Koma poti ndi mwana wamkazi, ndiponso amumanga pakamwa ndi mwambo kuti asadziyankhulire, ntchito yake yasanduka nthabwala. Anthu omwewa mawa adzabwera ndi miyendo yotupa, "Rabecca, iwe wophunzira, tationere mankhwalawa." Asa!

Ndinayesa za mutu. Ndinagwira pachipumi n'kubuula kuti ng'oma zikundibaya m'maso. Anandipatsa mapiritsi n'kundiuza kuti ndikagone pansi pa mango.

Nyimbo zinafika pa zija zosaimbira pagulu. M'nyumba munatentha, mazenera onse otseka. Azimai anavula mabulauzi, zitenje anamanga m'chiuno. A Najere analowa pakati kusonyeza namwali kayendetsedwe ka chiuno, thukuta likuyenderera ngati mvula ya pa malata. Ine maso anga anali pa mphasa. Namwali sankaoneka, koma zala za kumapazi zinkatulukira kunsi kwa chitenje. Ng'oma ikati di, zalazo zinkafunya. Di, zafunya. Ndipo pachitenje, pamene panali nkhope, panali patanyowa.

Ndinadzuka, n'kutsegula chitseko cha kachipinda chonse, kuti kompyuta iwale moyang'ana pabalaza. Kenako ndinayamba kuomba m'manja motsatira nyimbo.

"Vinani bwino, amai! Dulani kwambiri! Bambo uja akukondwa!"

A Najere anaima chiuno chili mbali imodzi.

"Bambo wake uti?"

"Mphunzitsi wa Rabecca, wa kunja uja. Si amaonera pa kompyutapo? Diso lili apo, makutu ali pomwepo. Chiyambire m'mawa ali pamenepo, kuyang'anira madontho ake. Ine ndimati mukudziwa."

Musaganize kuti a Najere ndi munthu wogona. Ali ndi mwana ku Joni, amayankhula naye pa foni akuonana nkhope. Amadziwa bwino kuti kagalasi kowala kamatha kukhala ndi munthu mkati. N'chifukwa chake anakuwa nthawi yomweyo.

Zimene ndinaona pabalaza paja ndidzafa nazo ndikuseka. Wina anadziphimba ndi nsalu ya patebulo, maluwa apulasitiki n'kumugwera pamutu. Woimba ng'oma wina anakumbatira ng'oma yake pachifuwa ngati mwana wodwala. Awiri analimbirana bulauzi imodzi, aliyense dzanja lake mkati.

"Zimitsani chinthucho!" anatero a Najere, akubwera ngati ng'ombe yolusa.

Apa ndinaona kuti bodza langa latembenuka, likufuna kundiluma. Akangosolola chingwe, zonse zatha. Ndinawatsogolera pakhomo, ndinakoka chitseko pang'onopang'ono, pakuti ngakhale pankhondo dontho silifuna phokoso, n'kukhoma. Kiyi ndinamuponya m'kamisolo. Ndinakhala pansi, msana pachitseko, miyendo tambalale.

"Patseni kiyi."

"Bwerani mudzatenge. Koma mudziwe kuti kumeneko sikunafike dzanja la munthu chimwalirire bambo a kwathu."

"A Nasakala, ndinu munthu wamkulu!"

"N'chifukwa chake simungandikoke."

Anapumira m'mwamba, n'kutembenuka.

"Amake Rabecca! Zimitsani magetsi a nyumba yonse!"

Zimenezo sindinaziganize. Charity anayenda kupita pakhoma pamene pali bokosi la magetsi, n'kuika dzanja. Zala za pa mphasa zija zinafunya osafunyulukanso.

"Zimitsani, alamu," ndinatero. "Makina a mwana wanu afa, inde. Koma kompyuta ili ndi batire, siizima. Bamboyo azingomvetsera nyimbo zanu zonse, mawu ndi mawu, kudzera pansi pa chitseko. Mwinanso akujambula. Amai, yambaniso ija ya nkhwangwa ndi mpini, anaikonda."

A Najere anayang'ana Charity. "N'zoona zimenezi?"

Mlamu wanga ameneyu takhala tikukangana kuyambira tsiku limene analowa m'banja mwathu. Amandidziwa ndikamanama, akuti mphuno yanga imatukuka. Anandiyang'ana mphuno. Kenako anayang'ana mwana wake pa mphasa, nthawi yaitali ndithu. Dzanja linatsika.

"N'zoona, amai," anatero motsitsa. "Imayaka ngakhale magetsi atapita."

Pamenepo sananame. Ndi mkazi wa mapemphero, anasankha poponda.

"Mwambo wathu waonedwa ndi mwamuna," anatero a Najere. "Uwu ndi mlandu, a Nasakala. Simunaumve kutha kwake."

"Ndaumva kuyamba kwake, amai. Kwa amake Chance kulibe kompyuta."

Anasamuka. Ng'oma pamutu, mphasa m'khwapa, namwali atamubereka kumsana ali chifundire. Podutsa pamene ndinakhala, kadzanja kanatuluka m'chitenje n'kunditsina khutu. A Najere anati ine ndisapondeko kumeneko. Ngati kuti ndinali ndi nthawi!

Ndinatsala ndekha pachitseko paja. Ng'oma zinkamveka patali, zofatsa, makapu m'kabati ali chete. Chifuwa chinandigwira, ndinachimeza. Mwendo unachita dzanzi, ndinausiya. Tiyi amene ndinamwa masana anayamba kufunsa njira, ndinamuuza adikire, kuno kuli ana a sukulu. Ntchentche inatera pamphuno panga ndipo ndinaipirira, ine amene sindipirira munthu. Mkati ndinkangomva kamakina kakuti tsi, tsi, tsi, ngati nyerere ikuyetsemula.

Dzuwa litalowa anamubweza namwali, akuyenda ngati nkhalamba chifukwa cha chiuno. Alangizi atangokwera lole yao, anataya chitenje n'kundigwadira, osati mwaulemu ayi, kufuna kiyi. Tinalowa tonse atatu ndi amake. Makina anali ataima okha, kabotolo kali mbee. Anayendetsa diso lija pang'onopang'ono pa mzere wonse. Timizati toyamba, ta m'mawa, tinali chilili. Kenako panabwera manda enieni, zibulumwa, tina topindika ngati ndodo ya nkhalamba, tina togona. Pamenepo ndi pamene a Najere ankadula chiuno. Rabecca sanapume. Anapitiriza kuyendetsa. Ndiye tinayambanso kuoneka toima, kena, kena, kena, towongoka ngati asilikali, mpaka kumapeto.

"Tikwana?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, azakhali. Pafupifupi theka tawonongeka. Nditumiza tomweti."

Charity anayandikira, maso ali pa kompyuta. "Ndiye timeneti?" anatero. "Tokongola." Chikhalire m'nyumba imodzi, kanali koyamba kutiona.

Bodza langa silinagone masiku ambiri, ndipo analiulula ndi mlongo wanga yemwe. A Najere anapita kwa Bizwell ndi azimai awiri kukadandaula kuti mwamuna wachilendo waona za m'nyumba. Chitsiru cha kwathu, m'malo mogwedeza mutu n'kupepesa, chinati, "Mwamuna wake uti? Mphunzitsi wa Rabecca ndi mai, ali ndi zidzukulu. Ndiponso tsiku limenelo munalibe ndi intaneti yomwe m'nyumba muno." Tinayamwa bere limodzi ndi munthu ameneyu, koma nzeru zonse ndinamaliza ndine.

Chilango chinabwera. Anandichotsa pa anthu okapereka malangizo kwa akwati. Ine, azakhali! Pa tsiku la ukwati anandikhazika kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi khomo la kukhitchini, pakati pa ana a mamina ndi chimkuzamawu chimene chinkandigwedeza ndi matumbo omwe. Mbale itafika, munali mpunga ndi khosi la nkhuku.

Yankho la mphunzitsi uja linali litabwera ukwati usanachitike. Malo anamupatsa. Anati timizati toimato n'tokwanira kusonyeza kuti mwanayo ntchito akuidziwa, anangofunsa kuti pakatipo panachitika chivomezi chanji. Rabecca analira, Boaz analira, Bizwell anapita kukagula zakumwa n'kuuza msewu wonse kuti mwanayo anatengera iye.

Zonsezo ndikanapirira. Koma paukwati paja, nthawi ya zoyankhula, ndinangoona a Najere akunyamuka ku tebulo lapamwamba, duku lalitali ngati chulu, n'kulanda maikolofoni.

"Mwana uyu ndi wathu," anatero. "Tinamuumba ndi manja athu awa. Lero akupita kunja kukaphunzira za sayansi, chifukwa ife alangizi a masiku ano timalimbikitsa mwana wamkazi. Ngakhale tsiku la chilangizo, tinasamutsa mwambo wonse kuti ntchito yake isasokonezeke!"

Nthungululu holo yonse! Anthu kuimirira, kuwaombera m'manja, wina mpaka kukawapukuta thukuta ndi mpango.

Ndinaimirira khosi la nkhuku lili m'manja. Ndinakuwa kuti, "Bodza! Funsani kiyi anali kuti!" Koma mnyamata wa nyimbo anali atakweza kale chimkuzamawu chija, mawu anga anathera m'mpunga. Ana a mamina okha ndi amene anamva, ndipo mmodzi anandifunsa ngati khosilo ndalimaliza.

Rabecca ananyamuka mwezi watha. Dzulo Charity watumiza uthenga kuti azimai a kutchalitchi akhala pansi, agwirizana kuti nkhaniyi ithe mwamtendere. Akuti ndipite kwa a Najere ndikapepese chifukwa chowavula ulemu pamaso pa anzao. Ndipite ine! Ndawayankha kuti mabulauzi anavula okha, ndipo njira ya ku Chiparamba akuidziwa.